Mtengo wa Kutsogolo Kumanzere

Dortmund, 11 Epulo 1999

Wokondedwa Graciete,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi ana athu, Telmo ndi Ilda, ndiponso amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kaphuma kaja unkandinena nako pa Khirisimasi sikanathebe. Si kanthu, ndi fumbi la simenti.

Ndatumiza mamaki 900, ndalama za kuno, kubanki. Ulipire wopopera mpesa, zotsalazo ukonzetse denga la khola la nkhumba mvula isanaligwetse. Za njinga yamoto imene Telmo akuliriraliriranso ija, usamvere. Ali ndi miyendo.

Lachiwiri titatha kudya nkhomaliro ndinanyamula thumba la simenti kukwera nalo pansanja, kenako ndinangozindikira ndakhala pansi. Horácio, mnzanga wa m'chipinda uja, akuti sindinakhale ayi, ndinagwa. "Unagwa ngati thumba lako lomwelo, ase, kusiyana kwake thumba silinatuzule maso." Munthu ameneyu pakamwa pake sipatsekeka. Kapitawo anandithamangitsira kwa dokotala, dokotala anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kundipatsa timapiritsi ndi kalata ya kuchipatala chachikulu. Anthu a kuno ngakhale chimfine amachilembera kalata, ndiye usade nkhawa.

Tsopano za Ogasiti. Maganizo anga ndi obwera monga mwa chaka chilichonse kudzanyamula machira a chifanizo cha Amayi Maria pa mdipiti wokwera kuphiri. Koma zachipatalazi zikandichedwetsa, mtengo wa machirawo wa kutsogolo kumanzere usakhale wopanda phewa la banja lathu. Ananyamulapo agogo, ananyamulapo bambo, ine ndanyamulapo chiyambire unyamata wanga. Telmo wakwanitsa zaka 18, nthawi yake yakwana. Umuuze kuti ndatero ine, ayambiretu kuzolowetsa phewa ndi matumba a mbatata. Sindifuna kumva kuti a kwa Meireles, amene akhala akunyamula kumbuyo n'kumasirira malo athuwo, asuntha ngakhale phazi limodzi.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mwamuna wako,
Abílio

Dortmund, 9 Meyi 1999

Wokondedwa Graciete,

Kalata yako ndalandira, ndakondwa kuti nonse muli bwino ndiponso kuti Telmo anadumpha ndi chimwemwe. Ine ndikudya, ndikugona, koma kuntchito andiimitsa kaye. Ndalama ya odwala ikubwera yocheperako, ndiye mwezi uno ndatumiza 600. Dengalo lingoyamba ladikira.

Si fumbi. Anandipaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuunika ndi makina, ndipo ndinauona mtima wanga pagalasi ukuphiriphitha. Akuti khoma la pakati pa mtima linanenepa kwambiri, moti likutseka khomo lotulukira magazi. Ndikadya kapena kunyamula katundu, khomolo limachepa, magazi safika bwino kumutu. Mpaka apo ndinamva, poti za makoma ndi ntchito yanga. Kuyambira apo mutu wanga waima.

Anandilowetsa kwa dokotala wamkazi, a Wessling, wachitsikana ndithu. Akuti iwo salowetsa mpeni. Amalowetsa kachubu mphechepeche mwa mwendo, kamayenda mumtsempha mpaka mumtima, ndiye amathiramo timadontho ta mowa woopsa, tochepera supuni yatiyi. Mowawo umapha kachigawo ka khomalo, kenako limanyala lokha pakapita miyezi. Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti mukufuna kundipha mtima mwadala?" Iwo anati, "Kachigawo chabe, bambo Fontoura, ndipo pakatha sabata mwatuluka." Koma anawonjeza kuti ena zikatere mtima umasokonezeka kagundidwe, amawaika kabatire pansi pa khungu moyo wawo wonse. Njirayi akuti ndi yatsopano, palibe amene wakhala nayo zaka khumi.

Mawa lake anandilowetsa kwa a Oertel, nkhalamba ya zikhatho ngati fosholo. Awa amacheka fupa la pachifuwa, kuimitsa mtima, makina n'kumakupopera magazi, iwo n'kusema khomalo ndi mpeni. Akuti, "Ine ndimachotsa chimene ndikuchiona ndi maso, mowa umapita kumene mtsempha ukufuna. Inu muli ndi zaka 44, mukufunika ntchito yokhalitsa." Koma miyezi itatu osanyamula ngakhale ndowa, ndipo sanabise kuti alipo ena ochepa amene sadzuka pathebulopo.

Ndinafunsa onse awiri kuti nanga ndichite chiti, ndipo onse awiri anati, "Musankha ndinu." Graciete, kodi dokotala amafunsa wodwala? Kwathu dokotala amanong'oneza mkazi wako pakhonde, iwe n'kungomwa zimene wapatsidwa. Kuno amakuuza zonse, mpaka za imfa, kenako n'kukupatsa cholembera. Ine kapitawo atandifunsa kuti khoma tiliimike pati, ndikhoza kudziwa kuti nyumbayo igwa.

Horácio akungoseka. Akuti, "Sankha ya mowayo, mphwanga. Ine ndakhala ndikudzichiza ndi kachasu zaka makumi atatu osadziwa kuti ndine dokotala." Ndinamugenda ndi nsapato.

Amayi usawauze. Uziti ndi msana.

Ndine wako,
Abílio

Dortmund, 30 Meyi 1999

Graciete,

Moni nonse. Ine ndilipo. Ndikulemba m'malo moimba foni chifukwa foni ya kusitolo kwa a Belmiro ili ndi makutu a mudzi wonse. Kalata ino uwerenge uli wekha.

Lachinayi a Wessling anandifunsa za kwathu, kuti bambo anga alipo kodi. Ndinawafotokozera monyadira, monga timafotokozera tonse, kuti anamwalira ali ndi zaka 46 atasenza machira a Amayi Maria, pa kona yomaliza tisanafike pakatchalitchi ka paphiri, ine ndili mwana ndikuyenda pambali pawo ndi kandulo. Ndinati kwathu anthu mpaka lero amati Amayi Maria anawasankha okha, ndi imfa yamwayi. Anafunsa ngati ankadwala. Ndinati ayi, ankangopuma movutikira akadya. Anafunsa za abale. Ndinatchula achimwene, a Custódio, amene anangogwa m'munda akukweza udzu m'ngolo asanafike ndi zaka makumi atatu, tonse n'kumati ndi dzuwa.

Adokotala aja anaika cholembera pansi. Anati, "Bambo Fontoura, muli ndi ana angati?"

Akuti nthendayi imayenda m'magazi. Mwana aliyense wa munthu wodwala akhoza kuitenga kapena kusaitenga, mwayi wake ndi theka ndi theka. Akuti kwa achinyamata nthawi zina siichenjeza, munthu amagwa akuthamanga kapena atasenza cholemera, basi kwatha. Ndinawauza za Telmo ndi mtengo wathu. Anandifunsa kulemera kwa machirawo ndi kutalika kwa chitundacho, nditawauza anati, "Asanyamule mpaka ataunikidwa. Ili lokha sindikukupatsani kuti musankhe."

Ndinatuluka m'menemo n'kukwera basi yolakwika. Ndakhala ndikuganiza za bambo, mmene anagwadira mtengo udakali paphewa, anthu akuimba. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuiona ngati nkhani ya ulemu. Tsopano sindikudziwa kuti ndiitche chiyani, ndipo ndikuchita mantha, ndisakunamize.

Chita izi. Tenga ana onse awiri upite nawo kuchipatala cha mumzinda wa Porto akawaunike mtima ndi makina, ndaika m'kalata muno pepala lochokera kwa adokotala lonena chofunika kuyang'ana. Ndalama ya basi utenge pa ya dengalo. Telmo umuuze kuti mawu aja ndabweza, matumba a mbatata asiye lero lomwe.

Za ine sindinasankhebe. Lolemba ndimadzuka ndili wa mpeni, Lachiwiri ndili wa kachubu. Horácio akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ine pa ziwirizi palibe chimene chikundikomera.

Abílio

Dortmund, 27 Juni 1999

Wokondedwa Graciete,

Zikomo chifukwa cha kalata ndi masoseji amene unapatsira mlamu wake wa Horácio. Adokotala anandiletsa zamchere wambiri, ndiye Horácio wadzipereka kundithandiza. Thupi lili chimodzimodzi, masitepe a pano ndimapumira pakati.

Zimene walembazo zandisowetsa tulo. Ku Porto akuti malo apezeka mu Seputembala, chikondwerero chitapita kale. Telmo akuti sakudwala, amathamanga kuposa anzake onse, ndipo mudzi wonse ukudziwa kale kuti chaka chino ndi iye. Ndiponso unawauza amayi. Sindikukudzudzula, ndikudziwa kuti sakanakusiya. Koma tamva zimene akunena, ati madokotala achijeremani akufuna kunyoza imfa ya mwamuna wawo, ndipo amusokera kale mnyamatayo mkanjo wa pa mdipiti. Makani amenewo ndikuwadziwa, ndi a kwathu, inenso ndili nawo. Mwana amene ndinamuuza ndekha kuti nthawi yake yakwana sangabwerere chifukwa cha pepala.

Ndiye ndasankha kachubu. Si kuti ndamvetsa kuti ndiko kabwino, ayi. Ndawerengera masiku basi. Akandichita pakati pa Julayi, kumayambiriro kwa Ogasiti ndili pa basi yobwera kumudzi. Mwambo ukuudziwa: bambo ake ataima pa mtengo, mwana sangaukhudze. Ndikaima pamenepo ine, Telmo alibe chonena, amayi alibe chonena, a kwa Meireles akhala kumbuyo kwawo komweko, ndipo palibe wochita manyazi.

A Oertel nditawauza anangopukusa mutu. Anati, "Mwasankha ndi kalendala, osati ndi mtima. Koma ndi ufulu wanu." A Wessling anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Kupita kwanu mukhoza kupita, koma kunyamula ayi. Khomalo silinyala tsiku limodzi. Mwandimva, bambo Fontoura?" Ndinati ndamva. Kumva ndinamvadi. Zinazo tidzakambirana ndikafika.

Horácio wakwiya nane, sanandiseke tsiku lonse, zimene sizinachitikepo. Madzulo anangoti, "Ndiye kuti m'malo mwa maliro amodzi wasankha ena." Ndinamuuza kuti asamale zake.

Udzu mudule nyengo isanasinthe. Ilda umugulire nsapato za chikondwerero, zisapitirire pa zimene tinagula chaka chatha.

Ndine wako,
Abílio

Dortmund, 18 Julayi 1999

Graciete wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Ndikulemba ndili m'chipatala, ndili moyo, koma zakanika.

Anandigoneka ndili maso, anangochititsa dzanzi pamwendo. Kachubu kanalowa osamva kupweteka, ndinkangoona pagalasi kanthu ngati ulusi kakuyenda mkati mwanga. Asanathire mowa uja amayamba athira mankhwala oonetsa kumene mtsemphawo ukupita, kuti asaphe malo olakwika. Anathira, n'kuyang'ana. Anasuntha, n'kuthiranso. Ndinamva akulankhulana motsitsa mawu, kenako a Wessling anabwera kumutu kwanga n'kuvula chophimba pakamwa. Anati, "Mitsempha yanu sikupita pakhoma pokha, ikudyetsanso mbali ina imene mtima sungachite popanda iyo. Ndikathira, ndiwononga zabwino. Ndasiya."

Ndinawachonderera, Graciete, ine munthu wamkulu, ndili chigonere wopanda ndi kabudula yemwe. Ndinati thirani pang'ono pokha, ndili ndi ulendo. Anati ayi. Ndiye taona, miyezi iwiri akundiuza kuti ndisankhe ndekha, ndavutika, ndasankha, mapeto ake mtima unali utasankha kale. Nanga ankandifunsiranji? Ndinawafunsa zimenezo, anati sakanadziwa asanalowemo. Mwina ndi zoona. Ine sindikudziwanso kuti woona ndani.

Tsopano kwatsala mpeni. A Oertel andiika pa 10 Ogasiti. Ndinati ndipite kaye kumudzi ndidzachite pobwera, koma Lachisanu ndinachitanso kanthu kaja pa masitepe a m'chipatala momwemuno, anamwino akuona. Akuti ulendo wa masiku awiri pa basi, kutentha kumeneku, iwo sangausainire. Nanenso miyendo yanga ikuvomereza zomwezo, ngakhale pakamwa pakukana.

Ndiye ndikukupempha chinthu chimene sindinaganizepo kuti chingatuluke mwa ine. Pita kwa a Belmiro, poti ndiwo akuyendetsa chikondwerero chaka chino. Ukawauze kuti Abílio Fontoura wapereka mtengo wa kutsogolo kumanzere kwa a kwa Meireles. Osati kubwereka, chifukwa chobwereka Telmo adzachilanda m'mawa wa tsikulo. Kupereka. Mwini mtengo ndine, mawu anga ndi amene a Belmiro angamvere, uwaonetse kalata ino ngati akukayika. Ndalemba mzere umenewu ndikulira, Horácio anachita kutuluka panja.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu wolemera kuposa machirawo. Ine ndili kutali, amene uzikumana ndi amayi pakhomo ndi anthu kutchalitchi ndiwe. Mwinanso mwanayo alibe nthenda n'komwe, ndiye kuti ndataya malo a agogo pachabe. Limenelonso ndaliganiza.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, ndikudikira za ofesi ya odwala.

Abílio

Dortmund, 8 Ogasiti 1999

Graciete,

Moni. Ndili bwino, andimeta kale pachifuwa ngati nkhumba yophedwa pa Disembala.

Yankho lako silinafike. Dzulo ndinaimba kusitolo, anayankha akazi awo a Belmiro, ati unali kumunda. Ndinafunsa ngati unabwerako kudzaonana ndi amuna awo, anangoti, "Zimenezo ndi za m'banja mwanu, a Abílio," n'kuyamba kundiuza za mtengo wa shuga. Ndiye ndikulowa mkucha osadziwa ngati wapita kapena sunapite. Chikondwerero chidzandipeza ndili ndi machubu m'mphuno, sindidzatha ngakhale kufunsa.

Telmo umuuze kuti sindinamuone ngati wofooka. Umuuze kuti phewa lake ndikulidziwa, ndinaliona pa Khirisimasi akutsitsa nkhuni. Zina sindikudziwa kuti ndinganene bwanji, uwonjezere wekha, iwe umatha.

A Oertel anabwera kudzandiona. Ndinawafunsa ngati manja awo sanjenjemera, anati amanjenjemera akamadya supu basi. Kaya ndi nthabwala, kaya.

Zikavuta, mpesa wa kumtsinje usagulitse, ngakhale a kwa Meireles abwere ndi mtengo wabwino. Chimodzi chimene ndawapatsa chakwana. Horácio akudziwa kumene kuli zinthu zanga.

Undipempherere, koma usandilonjezere kwa Amayi Maria chilichonse chofuna kunyamula.

Ndine mwamuna wako,
Abílio

Dortmund, 19 Seputembala 1999

Wokondedwa Graciete,

Moni kwa iwe, kwa Ilda, kwa amayi ngati angaulandire, ndi kwa Telmo. Pepa zilembo zokhotakhota, ndikakhala nthawi yaitali pachifuwa pamakoka. Ndili kunyumba yopumulirako odwala kunja kwa tauni, amatiyendetsa m'munda ngati ana a sukulu. Ndikatsokomola ndimakumbatira pilo. Koma dzulo ndinakwera masitepe mpaka pamwamba nditangotha kudya, n'kuima pamenepo kudikira phuma, silinabwere. Ndinachita kudabwa.

A Oertel akuti anachotsa kanyama kochepa ngati nsonga ya chala chachikulu. Kanthu kakang'ono choncho. A Wessling anadzandizonda, ndinawafunsa kuti tsopano poti zatha andiuze zoona, njira yabwino inali iti. Anati, "Kwa inu mpeni. Kwa bambo a pabedi linalo kachubu kanayenda bwino, anapita kwawo kalekale. Kwa anthu onse, mudzandifunse pakatha zaka makumi awiri." Ndiye ndatuluka m'menemo ndi chipsera kuyambira pakhosi mpaka pamimba, koma funso lija ndikadali nalo. Akutinso mapiritsi sindisiya, ndipo simenti ndisaiganizirenso. Kapitawo akuti mwina andipezera ntchito ya pa geti. Tiona.

Makalata ako awiri anafika limodzi, Horácio anabwera nawo, ndawawerenga mpaka akuthothoka m'mapindo. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake unakhala chete. Unadikira mpaka madzulo a tsiku lomaliza kuti mnyamatayo asapeze nthawi yokanyengerera a Belmiro. Ine sindikanaganiza zimenezo. Ndikuona m'maso mwanga mmene anafikira atavala mkanjo umene agogo ake anamusokera uja, n'kupeza mwana wa Meireles ataika kale phewa pa mtengo wathu, anthu onse akuyang'ana. Ukuti anavula mkanjowo n'kuupinda bwinobwino, kuusiya pakhoma la tchalitchi, n'kumapita. Zimenezo zandipweteka kuposa fupali. Ndipo iwe unayenda mdipiti wonse wekha, amayi atakufulatira. Sindikudziwa kuti ndidzakubwezera chiyani.

Za ku Porto ndawerenga kambirimbiri. Ilda alibe kanthu pakadali pano, adzamuonenso akamakula, tithokoze Mulungu. Telmo khoma layamba kunenepa. Ndinapita ndi kalatayo kwa a Wessling, anawerenga manambalawo. Ndinafunsa ngati akanagwa pa phiri paja. Anati palibe angadziwe, mwina akanafika bwinobwino, mwina ayi. Anthu amenewa sayankha chinthu mwachindunji, koma ulendo uno sindinakwiye nawo. Amwe mapiritsi amene amupatsawo, mpira asiye, ndipo tsiku limene adzamufunse kuti mpeni kapena kachubu, ine ndidzakhala pampando wa pambali pake. Yankho ndilibe, koma sadzakwera basi yolakwika ali yekha.

Ukuti sakufuna kumva dzina langa, akuti ndinamuchititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse, ndipo ukawerenga makalata anga amatuluka panja. Ukundifunsa kuti umulankhule bwanji. Usamulankhule, musiye akwiye. Amenye zitseko, andinene kwa anzake, pa Khirisimasi ndikabwera asandipatse moni ngati safuna. Ine bambo anga sanandikwiyirenso kuyambira tsiku lija pa kona yomaliza, ndipo ndikanalola kuti azindikalipira m'mawa uliwonse mpaka lero.

Dengalo likonzedwe mvula isanayambe, ndatumiza 500. Telmo asakwerepo ndi matailosi, uitane munthu.

Ndine mwamuna wako,
Abílio